Birimankhwe ndi Denga Losadontha

Ife okonda kulemba tamgwiritsa ntchito yakalavulagaga birimankhwe. Tikafuna kunena za munthu wapawiri timatola birimankhwe. Tikafuna kunena za mlembi wobisa mawu ake pansi pa mawu ena timatolanso yemweyo, ndipo chitulukireni buku la ndakatulo la Jack Mapanje lotchedwa Of Chameleons and Gods mu 1981, nkovuta kuti wophunzira zolembalemba aone kanyamaka panjira osayamba kufunafuna tanthauzo. Koma birimankhwe amene ndikambe pano sadali chiphiphiritso ayi. Adali wamoyo, thupi lake lotalika ngati chala changa chamkombaphala, ankadya, ankachita chimbudzi, ndipo adadwala ali m'manja mwanga. Adadwala chifukwa cha ine. Funso limene adandisiyira ndi limene ndabwera nalo kuti tigawane: kodi chifundo chimene sichidziwa zosowa za wochitiridwayo tingachitchebe chifundo?

Ndiyambire kumudzi, popeza mlanduwu udayambira kumeneko. Agogo anga aakazi ankatisimbira madzulo pamoto kuti kalekale Chauta adatuma birimankhwe kukauza anthu kuti akamwalira adzadzukanso. Atanyamuka, Chauta adatumanso buluzi ndi uthenga wina, wakuti akamwalira kwatha. Birimankhwe adayenda monga ayendera mpaka lero, kutukula phazi, kuliganizira, kulibweza, kenaka nkuliponda. Buluzi adamdutsa panjira nakafika msanga, ndipo uthenga woyamba kufika ndiwo udakhazikika. Ife anyamata tidamva nthanoyi ngati chigamulo cha bwalo. Tikampeza birimankhwe patchire tinkamtosa ndi kamtengo mpaka ayasamule mwaukali, ndiye nkumthira m'kamwa fodya wamphuno amene tidaba m'kabotolo ka agogo. Tikatero tinkaima mozungulira nkumaonerera akuda bii, akuyezuka, akudzipinda, mpaka atagwa chagada. Ndidachitapo zimenezi kawiri ndisanakwane zaka 10. Akuluakulu adatikalipira ndithu, koma adatikalipira za fodya.

Zaka zidapitapo. Tsiku lina m'mwezi wa Januwale, mvula itangokata, ndikuchokera kumsika wa Zomba, ndidaona kabirimankhwe kakang'ono pakati pa tala, kakuoloka ndi ulemu wake wonse pamene njinga za kabaza ndi maminibasi zidali kudutsana. Ndidawerama nkukatola. Mpaka pamenepo sindidalakwe. Chimene kankafuna chidali chimodzi chokha: kufika tsidya lina la msewu, kumene kudali mpanda wa zitsamba. Mapazi 5 akadakwanira. Koma katagwira chala changa ndi timapazi take tonga mbaniro, mumtima mwanga mudabwera mawu akuti nayi nthawi yobweza ngongole ya ubwana. Ndidakaika m'chipewa nkupita nako kuchipinda changa, ndipo ndidakatcha dzina lakuti Mthenga.

Ndidabwereka bokosi lagalasi limene mwini wake ankasungiramo nsomba, nkulivundikira ndi thabwa loboolaboola. Ndidaikamo nthambi imodzi ndi sosala ya madzi, nkulikhazika patebulo pafupi ndi zenera kuti dzuwa lizimfikira. Masabata oyamba zonse zidayenda bwino. Ngumbi zidali kutulukabe, ntchentche sizisowa kumene kukhala ophunzira, ndipo kukhitchini mphemvu zidalipo zokwanira mudzi wonse wa abirimankhwe. Anzanga ankadzaza chipinda kudzaona lilime likuchoka m'kamwa ngati mpaliro, kutalika pafupifupi kuwirikiza thupi lake, nkubwerera ndi ntchentche diso lisanaphethire. Ndinkamtulutsa nkumuika pamkono ndikamawerenga. Akatupa, akada, akatsegula kukamwa nkumapemerera, ine ndinkati, "Taonani, wasintha mtundu!" ndipo alendo ankaomba m'manja.

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi sadakondwe nazo. Poyamba adaopa, paja ambiri tidakula tikuuzidwa kuti birimankhwe ali ndi ululu, pamene alibe ndi pang'ono pomwe. Mantha atatha adandifunsa tsiku lina kuti, "Aise, kodi ameneyu adakupempha malo ogona?" Ndidamuyankha ngati mwini mudzi: akudya, ali ndi pogona, palibe khwangwala angamtole, denga lake silidontha, adandaulanji? Yankho limeneli ndidakhutira nalo kwambiri, ndipo ndidalibwereza kwa aliyense wofunsa.

Pofika mu Meyi, kuzizira kutayamba kutsika m'phiri, zinthu zidatembenuka. Choyamba lidali lilime. Ankaloza ntchentche, kuponya, lilime nkuperewera. Kuponyanso, nkulendewera panja kanthawi lisanabwerere. Kenaka adayamba kukana kudya, masiku 3, masiku 5. Maso ake, amene kale adali otumphuka ndi oyendayenda lililonse kwake, adalowa m'kati, ndipo ankawatseka masana dzuwa lili phwee. Miyendo yakutsogolo idapindika ngati uta. M'mawa wina ndidampeza pansi pa bokosi atagwa panthambi, akuyesa kudzigwira mwendo wake womwe poganiza kuti ndi mtengo. Nditamkhudza kuchibwano ndidamva kufewa ngati mphira. Ndidayesa kumkakamiza mphemvu m'kamwa, ndipo nditamuona akuyasamula mwa mantha, dzanja langa lili pamwamba pake ndi kanthu koti ndimthire m'kamwa, ndidakumbuka kabotolo ka agogo. Ndidasiya pomwepo.

Ndidamnyamula m'katoni kupita naye kwa mayi wina wophunzitsa sayansi ya zamoyo. Adamuyang'ana nthawi yaitali osamgwira, nkundiuza kuti ndi wa mtundu wofala kuno, wa tizikopa tiwiri kumbuyo kwa mutu, umene asayansi amautcha Chamaeleo dilepis. Kenaka adafunsa:

"Achimwene, kanyamaka kamwa liti madzi?"

"Madzi samthera, Mayi. Sosala imakhala yodzaza usana ndi usiku."

"Sindinafunse za sosala. Ndafunsa ngati munakaonapo kakumwa."

Ndidakhala chete. Miyezi 4 yathunthu sindidamuonepo akumwa, ndipo sindidadzifunsepo chifukwa chake.

Zimene adandifotokozera tsiku limenelo ndizilemba pano momwe ndidazimvera, chifukwa mlandu wanga wonse uli m'menemo. Birimankhwe kawirikawiri sazindikira madzi odikha m'mbale. Amamwa mame ndi madontho a mvula otsetsereka pamasamba. Madzi amawadziwa akamanyezimira ndi kuyenda. Dzuwa lodutsa pagalasi limabweretsa kuwala ndi kutentha, koma galasi limatsekereza cheza china chosaoneka ndi maso, chotchedwa UVB, chimene khungu limafuna kuti lipange vitamini D3. Popanda vitamini ameneyu thupi silitha kutenga kashiamu m'chakudya, ndiye limayamba kumkumba m'mafupa ake omwe, mafupa nkufewa, makamaka mwa kanyama kamene kakukula. Lilime nalo limaponyedwa kuchokera pa kafupa ka pakhosi ndi minofu yofuna kashiamu yemweyo, nchifukwa chake ndilo limayamba kulephera. Tizilombo touluka mwachibadwa tili ndi kashiamu wochepa. Takutchire timathandizako chifukwa m'mimba mwake mumakhala masamba amitundumitundu, pamene mphemvu yakukhitchini yakhuta nyenyeswa za nsima, ndipo mwina yadutsa popoperedwa mankhwala. Bokosi lagalasi silipititsa mphepo, komanso kanyamako kamadziona m'galasimo nkumayesa mdani amene sachoka. Za mitundu adati birimankhwe sasintha kwenikweni pofuna kufanana ndi pamene wakhala monga timanenera. Amasintha polankhula ndi anzake, pokwiya, poopa, podwala, ndi pofuna kutentha kwa dzuwa. Mu 2015 ofufuza a ku yunivesite ya Geneva adasonyeza kuti m'khungu la abirimankhwe ena a ku Madagascar muli timiyala tating'onoting'ono timene tikatalikirana kapena kuyandikana timabweza kuwala kwa mtundu wina. Kuda kuja ndinkaombetsa nako m'manja kudali kukuwa.

Ndikubwerera ndi katoni yanga, yankho langa lija lidandibwerera liwu ndi liwu. Akudya: inde, chakudya chosalimbitsa fupa. Ali ndi pogona: inde, pamodzi ndi mdani wam'galasi. Denga lake silidontha: ndipo denga losadonthalo ndilo lidali kumupha ndi ludzu. Chilichonse chimene ndidamchitira chidali chimene ine ndikadafuna ndikadakhala m'bokosi. Ndidamsamala ngati munthu wamng'ono wobiriwira. Birimankhwe weniweniyo sindidamuyang'anepo.

Tsono tiweruze mlanduwu pamodzi, ndipo ndiyamba ndadziteteza, chifukwa ndidadziteteza kwa masiku ambiri. Chodzitetezera choyamba nchakuti cholinga changa chidali chabwino. Mnyamata wa fodya uja ankafuna kupha. Ine ndinkafuna kusunga. Kodi tingaike awiriwa pamlingo umodzi? Sindikuwaika pamlingo umodzi ayi. Koma kusiyana kwawo kuli mumtima mwa wochitayo. M'thupi la birimankhwe mulibe. Ndipo ndikafufuza bwino cholinga chabwinocho, ndikupeza kuti sichidaloze kwa Mthenga. Chidaloza kwa abirimankhwe awiri amene adafa kalekale, ndi kwa ine amene ndinkafuna kuti ndisiye kudziona ngati wakupha. Ndidasamba m'manja ndi moyo wa wina. Chizindikiro chake nchakuti laibulale idali pafupi, aphunzitsi a zamoyo adali pafupi, ngakhale foni yam'thumba ikadandiuza za mame ndi dzuwa m'mphindi zochepa, koma kwa miyezi 4 sindidafunse. Munthu wofunadi ubwino wa mnzake amafunsa. Wosafunsa ndiye kuti wapeza kale chimene ankafuna. Umbuli ulipo wosalakwa, wa munthu amene alibe pofunsira. Koma umbuli wa munthu wokhala pakati pa mabuku ndi wochita kusankha.

Chachiwiri nchakuti kutchire akadafa msanga. Nzoona kuti ana a birimankhwe ambiri safika pokula; mbalame zimawatola, njoka monga nalikukuti zimawasaka, moto wolusa umawapsereza, matayala amawaponda. M'bokosi mwanga mudalibe zimenezi. Koma chitetezo chokha ndicho moyo kodi? Mbewu yosungidwa m'botolo siidyedwa ndi anankafumbwe, komanso siimera. Zoopsa zakutchire ndi zimene thupi lake lidapangidwira: maso oyang'ana mbali ziwiri nthawi imodzi, kayendedwe konga tsamba logwedezeka ndi mphepo, mchira wogwira nthambi. Choopsa cham'bokosi, ine amene, adalibe chida chothana nacho.

Chachitatu, chimene ambiri a inu mwachiganiza kale, nchakuti ndi kanyama chabe. Dziko lili ndi mavuto a anthu, ndiye tilire birimankhwe? Jeremy Bentham, woganiza wa ku England, adaphunzitsa m'buku lake la mu 1789 kuti polingalira za nyama tisayambe ndi luso la kuganiza kapena kulankhula, koma tione ngati zimamva kuwawa. Amene adaonapo birimankhwe wa mafupa ofewa akuyesa kukwera nthambi safunika kumtsimikizira za kuwawako. Koma ngakhale mutakana zimenezo, tsalani nane pang'ono, chifukwa dzanja limene lidachita izi kwa kanyama ndi lomwelo limene limagwira anthu.

Malume anga atapeza ntchito yabwino ku Blantyre adakatenga agogo aja kumudzi kuti akapumule. Adawapatsa chipinda chawochawo, bedi la matiresi, mpunga ndi nyama, madzi a pampopi, wailesi yakanema. Adawaletsa kugwira tsache, ati antchito alipo. Miyezi ingapo isanathe agogo adaonda, nkuyamba kugona masana. Tsiku lina adati, "Mwananga, kuno ndilibe chogwira, ndilibe maliro oti ndipite, palibe wobwera kudzandipempha mchere. Ndiperekeze kwathu." Malume adapsa mtima, ndipo liwu limene adagwiritsa ntchito pofotokozera abale ndi lakuti kusayamika. Liwu limeneli muzilimvetsera. Limatuluka pakamwa pa aliyense amene wapereka chimene iye adasankha, nkumadabwa kuti wolandirayo akufota. Limatuluka kwa kholo, kwa mwamuna wapabanja, kwa bwana, kwa obwera ndi chithandizo m'midzi atalemberatu zosowa za anthu asanafike, ndi kwa olamulira amene amawerengera anthu awo zabwino zimene awachitira, nkuona funso lililonse ngati chipongwe. Agogo adali ndi pakamwa, ndipo adabwerera kwawo nkukalimanso. Mthenga adali ndi khungu lokha loti alankhulire, ndipo ine ndidaliyesa sewero.

Makolo athu adatisiyira mwambi wakuti chifundo chidapha nkhwali. Mwambiwu umachenjeza wochita chifundo kuti asamale, angalumidwe ndi njoka imene waipulumutsa. Ndayesa kukumbukira mnzake wochenjeza wolandira chifundo, ndipo amene amandibwerera msanga onse ali kumbali ya wopereka. Mwina miyambi yambiri idapekedwa ndi okhala kunja kwa bokosi. Tilinso ndi mwambi wina umene timaunyadira, wakuti kali kokha nkanyama, tili awiri ntianthu. Ndi woona kwa ife. Koma ine ndidautenga nkuuveka birimankhwe, amene chibadwa chake nkukhala yekha, amene amafuna mnzake pa nyengo yobereka basi. Ndinkamuika pamkono kuti asasungulumwe, pamene kwa iye dzanja lotsika kuchokera kumwamba ndi kabawi. Umunthu umene umaganiza kuti chilichonse chimafuna zimene ife tifuna wasanduka kudziyang'ana pagalasi. Umunthu weniweni uyenera kukhala ndi malo a chinthu chimene sichitifuna nkomwe.

Wina atsutsa kuti mwana wodwala amakana mankhwala owawa, mayi nkumkakamiza, ndipo sitinena kuti mayiyo walakwa; choncho kufuna kwa wosamalidwa sindiko muyeso. Ndikuvomera. Muyeso suli pa kufuna kokha. Ndikuona miyeso iwiri. Woyamba ndi kudziwa: mayi amene akakamiza mankhwala wafunsa kuchipatala, ndipo mwana akapitirira kudwala amabwerera kukafunsanso, sanena kuti mwanayo ngosayamika. Wachiwiri ndi kumene chisamaliro chikulowera. Mayi amalera mwana kuti tsiku lina aime yekha, atuluke pakhomo, akamange lake. Chisamaliro chake chimagwira ntchito yodzithetsa chokha. Changa chinkalowera kwina: kuti Mthenga akhale patebulo panga mpaka kale. Mbuzi ndi nkhuku timaziweta kuti tidye, ndipo sitinamizira chikondi. Galu adakhala ndi anthu zaka zikwizikwi mpaka amatithamangira tikamafika. Birimankhwe sapindula kanthu ndi nkhope yanga. Mu ubale wathu, wosowa mnzake ndidali ine.

Winanso atsutsa kuti cholakwa changa chidali umbuli basi, ndipo wodziwa angasunge birimankhwe bwinobwino. Nzoona kuti ku Ulaya ndi ku America alipo ambiri oweta abirimankhwe m'nyumba, makamaka Chamaeleo calyptratus wochokera ku Yemen ndi Saudi Arabia, ndi Furcifer pardalis wa ku Madagascar, chilumba chimene chili ndi pafupifupi theka la mitundu yoposa 200 ya abirimankhwe a padziko lonse. Odziwa pakati pawo amagula mababu otulutsa UVB, makina opopera nkhungu pamasamba, tizilombo toweteredwa dala, ndi ufa wa kashiamu wowaza pa tizilomboto. Nyama zawo zimakhala zaka zingapo zili zathanzi, ndipo zambiri zidabadwira m'khola, zilibe tchire loti zibwerereko. Kwa zimenezo chisamaliro choyenera ndi ngongole imene mwini ayenera kulipira tsiku ndi tsiku. Sindikuwaweruza onse pamodzi. Koma taonani kumene nzeru zawo zonse zimathera: dzuwa la m'babu, mame a m'paipi, masamba ambiri obisalamo, musamgwiregwire, musamuike ndi mnzake, musamuyang'anitsitse. Luso lonse la kuweta bwino birimankhwe ndi luso lomnamiza kuti woweta palibe. Ngati chisamaliro chopambana nchofanana ndi kusakhalapo kwanga, ndiye kuti kwa birimankhwe wakutchire mphatso yaikulu imene ndidali nayo idali yomsiya.

Komatu nthawi yomsiya idali itadutsa, ndipo apa mpamene mlandu udavuta. Mnzanga uja adati, "Aise, ingokamtaya kutchire. Iye amasuka, nawenso umasuka." Mawuwa adandikomera, ndipo kukoma kwakeko kudandichititsa mantha. Mayi aja nditawafunsa adati, "Achimwene, kummasula lero, lilime lisakugwira, kukuzizira, ziwala zitachepa, ndi kumupha patali kuti maso anu asaone. Munamanga nokha mfundoyi. Imasuleni ndi zala, osati ndi mpeni." Ndidazindikira kuti ufulu nawo ungaperekedwe mwa umbuli womwe uja, kuti wopereka apepukidwe. Amene wathyola mwendo wa mnzake sangamuuze kuti nyamuka, ndakumasula.

Choncho ndidayamba ntchito imene ndikadayenera kuidziwa poyamba. Mmisiri wa matabwa adandikhomera khola la sefa, lalitali kuposa kutambalala kwake, ndipo ndidaikamo nthambi za masamba, zotsika kuti akagwa asavulale. M'mawa ndinkalitulutsa panja pamene dzuwa limafika lopanda galasi, mbali ina ili pamthunzi kuti asankhe yekha. Usiku wozizira wa Juni ndi Julayi ndinkalilowetsa. Pamwamba ndidaika chitini choboola ndi msomali kuti madzi azidontha pamasamba, ndipo kawiri patsiku ndinkawaza masambawo ndi botolo loboola pachitsekero. Tsiku lachiwiri ndidamuona akutsegula kukamwa pang'onopang'ono pansi pa tsamba, dontho likugwera pa lilime, pakhosi pakumeza. Ndidaima patali, manyazi ndi chimwemwe zitasakanikirana. Ana a pafupi ankandigwirira ziwala zazing'ono kudambo. Ndinkazisunga tsiku limodzi zikudya chisoso ndi nkhwani, kenaka nkuziwaza ufa wa zigoba za mazira zowiritsa, zouma ndi zopera bwino, popeza zigobazo ndi kashiamu. Poyamba ndinkafikitsa chiwala pafupi ndi pakamwa pake pa kamtengo. Sabata iliyonse ndinkachitalikitsa pang'ono. Kumgwira ndidalekeratu, ndipo alendo ndidawauza kuti sewero lidatha.

Pofika mu Seputembala maso adatumphukanso, chibwano chidalimba, kubiriwira kudabwerera. Miyendo yakutsogolo idalimba ili yopindika, ndipo mayi aja adati idzakhala choncho, pakuti fupa likauma litakhota siliwongoka. Apa padabwera yesero lomaliza, loipa kuposa onse, ndipo ndiliulula chifukwa ndikukhulupirira kuti si langa ndekha. Ndidayamba kudziuza kuti wopunduka chotere sangakhale kutchire, kuti tsopano akundifunadi. Ndipo ndidapeza kuti ganizoli likundisangalatsa. Ndidampundula ndine, kenaka kupundukako nkukusandutsa chilolezo chomsungira. Ndani mwa ife sadaonepo zimenezi pakati pa anthu: kumletsa munthu kuyenda mpaka miyendo ifooke, kenaka nkuloza kufookako ngati umboni wakuti sangayende yekha? Kuti ndisadzinamize ndidaika muyeso umene sudadalire mtima wanga. Ndidasiya kamtengo kaja, nkumangotaya ziwala zamoyo m'khola kuti azisaka yekha, ndipo kutayamba kufunda ndidamsiya panja usiku, mphepo ikuomba. Adagwira ziwala. Sadagwe.

Za malo omasulirako mayi aja adanenetsa kuti akhale pomwe ndidamtola, nandisimbira zimene zidachitika ku Hawaii. Mu 1972 mwini sitolo ina yogulitsa ziweto pachilumba cha Oahu adaitanitsa abirimankhwe a nyanga zitatu kuchokera ku Kenya. Atafika ali ofooka ndi ulendo, adawaika m'mitengo ya kuseri kwa nyumba yake kuti atsitsimuke. Adatsitsimukadi, nkuswana, nkufalikira, ndipo pambuyo pake ofufuza adapeza m'mimba mwawo nkhono za m'mitengo za kumeneko zimene zili pafupi kutha. Nayenso adachita chifundo. Kutsegula khomo nakonso kumafuna kudziwa.

Adandiuzanso kuti dzina lina la kanyamaka m'chinenero chathu lidalowa m'mabuku a sayansi: mu 2006 akatswiri adatcha gulu lina la abirimankhwe Nadzikambia, kuchokera ku liwu lakuti nadzikambe, ndipo woyamba m'gululo amakhala m'nkhalango za phiri la Mulanje. Ku Malawi Hills, m'boma la Nsanje, kuli kabirimankhwe kena kakang'ono kwambiri, Rhampholeon chapmanorum, kamene asayansi adakalemba koyamba mu 1992. Nkhalango yake itadulidwa kwambiri ena adaopa kuti kadatheratu, mpaka ofufuza adakapezanso mu 2016 m'tizigawo ta mitengo totsala. Ndidamva zimenezi ndili ndi ufa wa zigoba za mazira m'zala. Miyezi yonseyi ndidalimbana ndi kupangira birimankhwe mmodzi nkhalango yabodza ya sefa ndi chitini, pamene yeniyeni ikugwa ndi nkhwangwa. Ngati pali chimene abirimankhwe angatipemphe, si dzina, si sosala, si mkono wokwerapo. Ndi mtengo woimirira.

Mvula yoyamba idagwa kumapeto kwa Novembala. Ndidadikira mpaka udzu utaphuka ndi tiziwala titayamba kudumpha, ndipo m'mawa wina, mnzanga uja akundiperekeza, ndidanyamula khola kupita pamsewu uja. Tidaolokera tsidya limene Mthenga ankapita mu Januwale. Ndidatsegula khomo nkutsamiritsa nthambi yake pa mpanda wa zitsamba, ndipo tidabwerera m'mbuyo. Adatenga nthawi yake. Adatukula mwendo wokhota, kuuganizira, kuubweza, kenaka nkugwira tsamba lonyowa. Diso limodzi lidali kutsogolo, lina lili pa ine, ndipo sindidzinamiza kuti mudali kutsazika m'menemo. Ankaonetsetsa kuti kabawi uja sakumtsata. Patapita mphindi zingapo tidali kuyang'ana masamba okhaokha. Mnzanga adati, "Aise, mlendo ndi mame." Ndidati inde, koma uyu ndidamchedwetsa miyezi 10 paulendo wa mapazi 5, ndipo wapita ndi miyendo imene sadabwere nayo.

Ngongole ya ubwana ija sindidabweze, ndidangoonjezapo ina. Chimene ndidatolapo ndi mafunso awiri amene tsopano ndimadzifunsa ndisanathandize aliyense, kaya mng'ono wanga amene ndimamlipirira sukulu nkumafuna kumsankhira maphunziro, kaya mayi anga amene akukalamba. Kodi ndafunsa, kapena ndangoganiza kuti ndikudziwa? Nanga thandizo langali likatha kugwira ntchito, munthuyu adzandifuna kwambiri kapena pang'ono? Inunso, anzanga, amene tikuphunzira kuti mawa tikhale aphunzitsi, madokotala, alangizi ndi atsogoleri a anthu amene sadzakhala ndi mpata wotiyankha, mungayese mafunsowa pa mabokosi anu. Nyengo ya mvula ikafika abirimankhwe amaoloka misewu ya Zomba kawirikawiri. Ndikakumana naye ndimathyola kamtengo, iye nkukwera, ndimayang'ana kumene mutu wake waloza, nkumuolotsa, nkupitiriza ulendo wanga.